Ndinatseka Pakamwa pa Rileyi

Ndinapundula dzanja la munthu chifukwa cha ukali wanga, ndipo sindibisa. Inu owerenga, makamaka inu amagetsi okonda kudzitama kuti munakalambira pa ntchitoyi, ndimvereni.

Ndinkagwira ntchito pamalo opopera madzi kufupi ndi Njakwa. Mabwana anachotsa marileyi akale, aja tinkangowagogoda ndi sikuludiraiva akakakamira, n'kuikapo atsopano a kagalasi ndi mabatani. Rileyi ndi kachipangizo kodula magetsi kakaona vuto. Katsopanoka ndinkadana nako, ndinkakatcha kawayilesi.

M'mawa wina, mvula itagwa sabata yathunthu, kanazimitsa pampu katatu. Mipopi inauma, amayi ndi zidebe zawo ali pageti kundinena. Pakagalasi panalembedwa kuti magetsi akuthawira pansi. Ndinayang'ana mawaya a m'bokosi, onse olimba. Basi ndinagamula kuti pulogalamu yake yapenga. Zonse zimene kanasunga ndinafufuta osawerenga n'komwe, kenako ndinatenga kachidutswa ka waya kuti ndilumphitse podulira paja, magetsi asamadulidwenso.

A Mhango, bambo wachikulire woyendetsa mapampu, anandigwira mkono kundiletsa. "Adada, yayi. Yezani kaye chingwe chopita kumtsinje."

Ndinawakalipira pamaso pa amayi aja. Ndinati ntchito yawo ndi kudina batani ndi kusesa, asamandiphunzitse ngati ndine mwana wawo. Ndinalumphitsa wayayo, n'kuwalamula kuti atsikire kumtsinje akaone ngati pampu ikukoka. Anangovomera kuti, "Yewo," n'kutsetsereka.

Kawayilesi kaja sikananame. Chingwe chinali chitasupuka m'matope, madzi atalowa. A Mhango atagwira chitsulo cha pampu, panalibenso chodula magetsi, poti ndinali nditachitseka pakamwa ndi manja angawa. Anapulumuka, koma zala zitatu zakumanja sizipindikanso.

Ntchito inatha, ndipo amene anandichotsa sanalakwe. Kuchipatala akazi a bambo Mhango anandibweza pakhomo la wodi. Mawu amene anandiuza sindingawalembe pano, koma onse anali ondiyenera.

Tsono inu, rileyi ikadula musathamangire kuinena misala. Werengani zimene yasunga. Yezani chingwe, yezani mota, ndipo rileyiyo muiimbe mlandu pomaliza. Anthu akutukwaneni tsiku lonse, madzi adzabwera mawa. Amene akukuuzani kuti mulumphitse waya ndi chitsiru, ngakhale atakhala mtima wanu womwe. Ine ndikakumana ndi a Mhango pamsika, amandipatsabe moni mwaulemu, koma ndi dzanja lamanzere.