Timadontho takuda pa bulauzi ya Mvano

Ine pakamwa panga mpothamanga, amuna anga anachita kutopa nako kundiuza. Chaka chimene tinasamukira ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, iwo atapeza ntchito ya ukalaliki, pakamwa pomwepo panandichititsa manyazi amene sindinawaiwale mpaka lero.

Anatipatsa nyumba yopaka laimu, yoyera mbee. Nditaona mmene odulira tiyi ankasiyira nthambi ndi masamba pansi kuti ziphimbire nthaka, ndinati nanenso maluwa anga ndiwaphimbira. Koma ine wa ku Kasungu, wodziwa zonse, sindinafunse munthu. Ndinapempha woyendetsa thirakitala kuti anditayire utuchi ndi makungwa a bulugama ochokera kumene amawazira nkhuni za fakitale, ndipo ndinazimwaza kuyambira m'tsinde mwa khoma mpaka pansi pa chingwe choyanikira zovala.

Amene ankatichapira anali mayi wina wachikulire wa ku Khwethemule, wosalankhulalankhula, wofwenkha fodya. Kabotolo kake sikankachoka pamfundo ya chitenje. Ankachapiranso akazi a kapitawo, oyandikana nafe.

Chiperoni chitagwira, Loweruka lina ndinapita kukaanula bulauzi yanga ya Mvano. Ndinangoti kukamwa yasa! Timadontho takuda tili waa kumsana konse, ngati tuvi ta ntchentche. Ndinakanda ndi chikhadabo, tili gwa. Sopo, mandimu, madzi otentha, zonse zinalephera. Mutu wanga unathamangira kabotolo kaja.

Mayi aja ndinawapeza pampopi, azimayi atadzaza ndi ndowa zawo.

"Mayi, mukafuna kuyetsemula fodya wanuyo muziyetsemulira zovala zanu! Uve wanji umenewu? Kodi kwanuko zoyera mumazidziwa?"



"Adona, ine fodya ndimafwenkhera kuseri, ndikatha ndimasamba m'manja," anatero mayiwo, osakweza mawu. Anasenza ndowa yawo. Mawa lake sanabwere, ndipo ine ndinati ayende.

Sabata imeneyo ndinachapa ndekha. Poanula malaya a amuna anga, madontho aja ali pomwepo! Nsalu zapabedi, chimodzimodzi. Nditayang'anitsitsa khoma, nalonso linali mathothomathotho kufika pawindo. Komatu ine fodya sindimgwira n'komwe.

Bambo wina wodulira tiyi, amene ankadutsa kuseri kwathu m'mawa uliwonse, anandipeza ndili chilili, malaya ali m'manja. Ananjuta, nafukula utuchi ndi nsonga ya chikwanje.

"Tayang'anani apa, amayi."

Munali tibowa tochepa kuposa mutu wa machesi, tina titayasamula kukamwa. Anandiuza kuti nditsamiritse mbale yoyera pakhoma. Pofika masana mbaleyo inali itachita madontho.

"Kameneka kamawombera mbewu zake pa chilichonse chowala," anatero pobwerera. "Utuchi wonyowa ndiye kwawo. Ife m'tiyi timaphimbira ndi masamba ndi udzu, komanso kulibe amene amayanikako zovala."

Mayo ine! Bowa kuwombera ngati legeni? Ndinakhala pansi pakhonde. Ndinali nditatukwana munthu wamsinkhu wa mayi anga chifukwa cha zinyalala zimene ndinaitanitsa ndekha.

Utuchi ndinaukokola tsiku lomwelo, mawilibala osawerengeka, kukataya kudzala. Imeneyo inali ntchito yopepuka. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinakwera mtunda wa ku Khwethemule, shuga ndi sopo zili m'jumbo. Ndinawapeza akusola nandolo pabwalo. Ndinagwada, ndinafotokoza za bowa, ndinapepesa mpaka misozi.

Anamvetsera zonse manja akugwirabe ntchito.

"Shuga wanuyo mubwerere naye, adona. Akazi a kapitawo anandiletsa kuwachapira, ati ndine wauve. Ana anga akumva zimenezo kumsika. Inu munanditukwanira pampopi, anthu ali mbwee. Kuno mukupepesa pamaso pa nkhuku. Mawa ndidzakhala pampopi."

Lolemba m'mawa ndinavala bulauzi yamadontho ija, ndinatenga mbale ija, n'kukaima pampopi. Ndinanena mokweza kuti wauve ndine, kuti mayiwa ndinawanamizira. Ena anaseka, wina anati, "Koma adona a ku Kasungu!" Mayiwo anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, kenako anamasula kabotolo kawo n'kufwenkha pamaso pa tonse.

Kwa akazi a kapitawo anabwererako sabata yomweyo. Pakhomo pathu sanapondeponso, ndipo zaka zonse zimene tinakhala pa esitetiyo ndinkachapa ndekha.