Khoma Limene Tinapaka Penti

Chitini cha penti chija chikadalipo pansi pa sinki kunyumba kwa amayi. Masiku ano amasungamo zopanira zovala. Chivindikiro chake chinapindika pomwe amalume anachitsegulira ndi mpeni wa buledi, ndipo m'mbali mwake muli mizere yoyera ya penti imene inayenderera n'kuuma. Ndinawauzapo amayi kuti achitaye. Anandiyankha kuti chitinicho n'chabwinobwino, sichinalakwire munthu.

Chinalowa m'nyumba mwathu m'nyengo yozizira, ine ndili ndi zaka khumi. Tinkakhala ku Barking, ku England, m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu yogulitsa nkhuku ndi tchipisi. Tinalipo atatu: amayi, ine mwana wawo wamkazi woyamba, ndi mng'ono wanga yemwe anali atangoyamba kumene sukulu. Bambo anali atapita kale kwina, ndipo za iwo sindikamba pano. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Pakhomo Chingerezi sankachifuna. Ukawayankha m'Chingerezi ankangokhala ngati sanamve, mpaka ubwereze m'Chichewa.

Khoma la kuchipinda chimene tinkagona linali lakuda. Sindikunena kuda kwa fumbi ayi. Chinali chuku, chonga chija chimamera pa buledi woiwalika, koma ichi chinamera pa nyumba. Chinayambira pakona ya windo, n'kutsikira kuseri kwa bedi, n'kulowa mu wadiropu mpaka nsapato zathu za kutchalitchi zinamera ubweya wobiriwira. M'mawa uliwonse madzi ankayenderera pagalasi ngati wina walithira ndi kapu. Fungo lake linali la thaulo lonyowa limene lagonera m'chikwama, ndipo linkatitsatira mpaka m'kalasi.

Mng'ono wanga anali ndi mphumu. Ankayenda ndi kapampu kabuluu m'thumba la jekete monga ana ena amayendera ndi maswiti. Akadzuka, chifuwa chake chinkalira ngati ketulo imene yatsala pang'ono kuwira. Ndinaphunzira kumukhazika chowongoka, kumukhutchumulira kapampu, ndi kuyang'ana milomo yake ngati yayamba kusintha mtundu. Zimenezi ndinazidziwa ndisanadziwe masamu ogawa.

Mwini nyumba ankati vuto ndi ife. Akuti timaphika nyemba nthawi yaitali, timayanika zovala m'nyumba. Nanga tikanayanika kuti, mvula ikuwaza tsiku lonse? Kwa dokotala nako, amayi ankaimba foni m'mamawa n'kumamvera kanyimbo kodikirira mpaka wina awauze kuti malo adzaza, ayesenso mawa. Tsiku limene mwayi wapezeka, dokotala wamaso otopa ankamvetsera chifuwa cha mwana, n'kupereka kapampu kena, n'kufunsa ngati m'nyumba ndi mouma. Amayi akati ayi, iye ankapukusa mutu mwachisoni. Kenaka tinkakwera basi kubwerera kuchipinda chomwe chija.

Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, amalume ankabwera kudzadya nafe. Iwo ndi mchimwene wamkulu wa amayi. Anafika ku England ali mnyamata, pomwe agogo aamuna anathawa ndale za kwathu, pamene amayi anatsala ku Dedza n'kudzabwera atakula kale. Amalume ankalondera pazipata za bwalo la mpira ku Wembley atavala jekete yachikasu, koma Lamlungu inali suti basi. Dziko lino ankalikonda monga munthu wovuulidwa m'madzi amakondera bwato.

Mkangano wawo ndi amayi unali umodzimodzi sabata iliyonse, moti ndinauloweza.

"Dziko lino ndi lolemera, mlongo. Chipatala chaulere, sukulu yaulere. Kuno ngakhale galu ali ndi dokotala wake."

"Ndiye mwana wangayu asanduke galu, achimwene. Mwina amuona msanga."

Amalume ankati anthu a kuno amadwala chifukwa cha ulesi, fodya, mowa ndi tchipisi chomwe chinkanunkhira kuchokera pansi pathu. Amayi ankakana. Ankati nkhalamba zimene amasamala zinabadwira konkuno, azungu enieni, ndipo zinathera moyo wonse m'mafakitale ndi kudoko. "Ndimawasambitsa ine, ndimaona matupi awo. Zifuwa zinatha, mano anatha, misana inapindika. Ulesi supinda msana choncho." Apo amalume ankaloza chakumadzulo ndi foloko, kumene kunja kukayera kumaoneka nsanja za magalasi, nyumba zazitali za m'mphepete mwa mtsinje. Ankati dziko lomanga zinthu zoterozo silingalephere kusamala anthu ake, ndiye kuti anthuwo ndi amene akulakwitsa penapake. Amayi ankangoti, "Mwana wanga sagona m'nsanjamo."

Tsiku lina mayi wa ku Zambia wokhala khomo loyandikana nafe anawapeza ali pamkangano womwewo. Anaseka n'kunena m'Chinyanja chawo cha m'tauni kuti, "Ndalama ziliko, ba malume, koma zili na bene bake." Amalume anangothira supu wina pa mbale.

Mkangano umenewu ndimaumvabe lero, pa wailesi ndi pa foni, anthu a mawu akuluakulu akufunsana kuti zikutheka bwanji dziko lolemera chonchi kukhala ndi anthu odwaladwala, ogona m'nyumba zonyowa. Ndimathimitsa. Sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka sikisitini, pano ndimasanja katundu m'mashelefu a sitolo ina ku Wembley komweko, ndipo ndilibe mtima womvera anthu akudabwa ndi chinthu chimene ine ndinkagona nacho mutu utagunda.

Amene anayamba kuchitapo kanthu anali aphunzitsi anga, mayi wamtali wa tsitsi la imvi. Anaona kuti ndikuchedwa kawirikawiri, ndipo ndikhulupirira kuti juzi yanga anaimvanso fungo. Anandifunsa mofatsa, ine n'kunena zonse. Patapita masabata angapo anawadikirira amayi pageti. Anati aimba mafoni ambiri, ndipo munthu woyendera nyumba abwera kudzaona chipinda chathu. Akachiona mmene chilili, akhoza kukakamiza mwini nyumba kukonza, kapena kutipezera malo ena ouma. Anabwereza mawu amodzi kangapo, akuwayang'ana amayi m'maso: "Musachotse kanthu. Musapukute, musakolope khomalo. Aone mmene mukukhalira."

Amayi anapinda maondo pang'ono n'kuti, "Zikomo, madamu."

Loweruka lake amalume, atamva kuti kukubwera woyendera nyumba, anatulukira atanyamula chitini chija, bulashi ndi botolo la mankhwala oyeretsera. Silinali tsiku lawo lobwera. Amayi atawauza mawu a aphunzitsi, iwo anaika chitinicho patebulo mwamphamvu.

"Munthu wa boma alowe m'chipinda chotere? Mlongo, mwapenga? Adzati mukulephera kusamala ana. Ndiye anawa mudzawaonera kuti?"

Ku tchalitchi kwathu kunali nkhani ya mayi wina amene a boma analowa m'nyumba mwake n'kumulanda ana. Palibe ankadziwa dzina lake kapena kumene ankakhala, koma aliyense ankaidziwa nkhaniyo, ndipo azimayi ankainong'ona akamatsuka makapu. Kaya inali yoona kaya ayi, sindikudziwa mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi ankaiopa kuposa mphumu.

"Koma aphunzitsi anati tisakhudze," anatero amayi.

"Aphunzitsiwo ana awo sangawalande. Komanso kwathu mlendo akamabwera timatani? Timasesa, timazira. Mukufuna mzungu akanene kuti Amalawi amagona mu uve?"

Amayi analeredwa mwakuti mlendo asaone ngakhale mbale yosatsuka. Wodwala akamva kuti kukubwera anthu odzamuzonda, amadzuka n'kusamba kumaso. Amayi anaima pakhomo la chipinda nthawi yaitali, akuyang'ana khoma, kenaka mng'ono wanga amene ankajambula pansi, kenaka khoma. Ndiye anapita kukatenga ndowa.

Ndisaname, tsikulo ndinasangalala. Mng'ono wanga anamupititsa kwa mayi wa ku Zambia uja, ife n'kukoka bedi. Tinakhula khoma ndi mankhwala obaya m'mphuno mpaka maso akutuluka misozi, madzi a m'ndowa n'kuda bii ngati a makala. Khomalo silinaume, chifukwa silinkauma n'kale lomwe, koma amalume anati penti ndi yamphamvu, igwira. Anandipatsa bulashi kuti ndipake m'munsi. Ankaimba nyimbo za kwaya, penti itawadonthera pa dazi. Pofika madzulo chipinda chinali mbee, chowala ngati cha pa chithunzi. Ndinali ndisanagonepo m'malo okongola choncho.

Fungo la penti linamupweteka mng'ono wanga pachifuwa, moti m'mawa wa tsiku la mlendo ankatsokomola osalekeza. Amalume anati munthu wa boma asamumve, apitenso kwa aneba. Taganizani zimenezo. Munthu akubwera chifukwa cha chifuwa cha mwana, ife n'kubisa chuku, n'kubisanso mwanayo.

Amayi anayala tinsalu toluka pamipando, n'kukazinga mandasi, n'kutulutsa makapu a maluwa amene ankasungira abusa. Amalume anavala suti pakati pa sabata. Ine sindinapite kusukulu, akuti ndithandize ngati Chingerezi cha boma chitavuta.

Mlendoyo anali bambo wa jekete yonyowa ndi mvula, nsapato zamatope, nkhope ya munthu amene walowa kale m'nyumba zambiri tsikulo ndipo zina zikumudikira. Tiyi anakana mwaulemu. Analowa kuchipinda, n'kuima, n'kukoka mpweya ndi mphuno. Anayendetsa chala pakhoma. Kenaka anafunsa kuti vuto lili pati. Amalume anayankha m'Chingerezi chawo cha Lamlungu kuti kanali kavuto kakang'ono, bwana, ndipo banja lathana nako lokha. Bamboyo anatembenukira kwa amayi. Amayi anayang'ana pansi. Bamboyo anadikira pang'ono, osati kwambiri. Kenaka anati nyumba yathu ndi imodzi mwa zaukhondo kwambiri zimene waona sabata imeneyo, tizitsegula mawindo, ndipo tisamayanike zovala m'kati. Anatsika masitepe n'kupita.

Bambo ameneyo anali ndi mphuno. Penti yatsopano anaimva, ndipo ntchito yake inali yodziwa chifukwa chimene anthu osauka amapakira penti m'nyengo yozizira. Akanatha kukoka wadiropu, akanatha kufunsa kuti mwana wodwalayo ali kuti. Koma khoma loyera linali losavuta kwa iye, monga linalili losavuta kwa amalume, kwa mwini nyumba, ndi kwa aliyense amene amaona dziko lino ali pa sitima yodutsa m'mphepete mwa nsanja. Amene ali pansi amaopa kuonetsa chilonda, amene ali pamwamba amathokoza kuti sanachione. Amayi sindiwaimba mlandu. Dziko limene mayi amaopa womuthandiza kuposa matenda a mwana wake lisandiuze za chuma chake.

Khirisimasi isanafike, penti inayamba kutupa matuza, ndipo chuku chinatulukira pomwe chinali kale, pakona ya windo. Aphunzitsi anandifunsa mmene zinayendera, ine n'kuwauza monyada kuti tinakonza bwinobwino ndipo mlendo anatiyamikira. Anangovula magalasi awo. Anaimbanso mafoni, koma anawayankha kuti nkhani yathu inatsekedwa, ndipo tikafuna tiyambirenso kumbuyo kwa mzere.

Chaka chitangosintha, mng'ono wanga anamutenga pa ambulansi milomo itasanduka yotuwa. Anagona pa kabedi ka matayala m'khonde la chipatala, anamwino akuthamanga uku ndi uku, chifukwa m'mawodi munalibe malo. Anachira, anabwerera kuchipinda chomwe chija, n'kudwalanso. Amayi sakanatha kujomba ntchito nthawi zonse, choncho wojomba ndinali ine. Kusukulu ndinatsalira, ndipo sindinawapezenso anzanga. Tinakhala m'nyumbamo zaka zina zingapo, mpaka mwini wake ataigulitsa. Lero mng'ono wanga ndi mtsikana wamkulu, wanzeru kuposa ine, koma pa masitepe a siteshoni amaima pakati, n'kumanamizira kuyang'ana foni kuti anthu asaone kuti mpweya wamuthera. Amalume anakalamba, koma amanenabe kuti dziko lino ndi lolemera. Sindiwatsutsa. Ndi lolemeradi.

Chimene chimandibwerera kwambiri ndi masana a tsiku la mlendo lija, chitseko chitangotsekeka. Amalume anaomba m'manja, n'kumasula tayi, n'kuyamba kudya mandasi. "Mwamva, mlongo? Yaukhondo kwambiri! Ana anu palibe awakhudze." Ine ndinkadumphadumpha, n'kumawamasulira amayi mawu a mlendo aja m'Chichewa, ngakhale anali atawamva okha.

Amayi sanadye. Analowa kuchipinda, n'kukhala pa bedi la mng'ono wanga, n'kuika chikhatho pa khoma loyeralo. Anakhala choncho osasuntha. Ndinawatsatira n'kufunsa kuti, "Amayi, tapambana eti?"

Sananditembenukire. Anangoti, "Pita ukamutenge mng'ono wako."

Ndinathamanga mokondwa, ndikuganiza kuti akuyesa ngati penti yauma. Sindinadziwe kuti dzanja lawo linkamva kuzizira konyowa kumene kunali pansi pa pentiyo, ndiponso kuti anali atadziwa kale kuti ana awo awasunga, koma mwana amene ndinkapita kukamutengayo abwera kudzagona pomwepo.