Mchere wa Tiyamike

Chaka chimene nandolo anagwa mtengo ndi chimene ndinaganiza zopita ku Joni. Ndinasenza thumba lodzaza kuchoka kwathu kufupi ndi Mauwa mpaka kwa venda wa sikelo pamsewu, ndipo ndalama imene anandipatsa inangokwana sopo, mchere ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Pobwerera ndinkaseka ndekha m'njira ngati wamisala. Bambo a ana anga anali atapita ku Limbe kukafuna ntchito n'kukapezako mkazi wina, ndiye panalibe woti ndimufunse maganizo. Ndinangowauza achemwali anga a Esinati kuti, "Mundisungire anawa, ine ndikaoneko kumene anzathu akutola malata." Tiyamike anali ndi zaka zisanu, Dalitso ziwiri.

Tsiku lonyamuka ndinalankhula mawu amene pano ndikawakumbukira ndimadziluma lilime. "Achemwali, ndalama ikayamba kubwera, ana anga asadyenso ngati amphawi. Bonongwe ndi mgaiwa zakwana. Anthu aziona kuti mayi awo ali ku Joni." A Esinati anagwedeza mutu, ndipo iwo ndi munthu woti ukawauza chinthu amachigwira ndi manja awiri.

Ife kuno dziko lonse lija timangoti Joni, koma ine ndinakathera ku Kepu, kumene mphepo ikawomba imakulowa mpaka m'mafupa. Miyezi iwiri ndinagona pansi m'kachipinda ka mnzanga wa ku Thyolo, kenako ndinapeza ntchito yolera mwana kwa adona ena achizungu. Mwanayo dzina lake anali Ema, wa zaka zisanu ngati Tiya wanga, ndipo zimenezo zinkandipweteka tsiku ndi tsiku. Ndikamamupesa tsitsi ndinkadzifunsa kuti kodi la mwana wanga akulipesa ndani. Sabata ina inkatha yonse osalankhulapo Chinyanja ndi munthu, mpaka ndinayamba kulankhula ndi mapoto.

Ine ndine munthu wa mafunso chibadwire, ndipo khitchini ya adona aja inandipatsa zofunsa zambiri. Nyumba ya magalimoto awiri, koma buledi wake wakuda, wokhakhala. Shuga ankamuika pamwamba penipeni ngati mankhwala a makoswe. Tsiku lina anabwera kuchokera kushopu ndi masamba ali m'kapulasitiki kokongola, ine nditasuzumira ndinaomba m'manja.

"Adona, si bonongwe uyu?"

Anandiuza dzina lake lachizungu ndi mtengo wake, ine kuseka mpaka misozi. Ndinati kwathu ameneyu amamera yekha kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo timamudya zinthu zikavuta. Iwo sanaseke. Anangoti, "Ndiye kwanu ana ali ndi mwayi." Mumtima ndinati azungu akakhuta amayamba masewera. Pano bonongwe yemweyo ndimamuthirira madzi m'mawa uliwonse kuseri kwa nyumba, ndipo anzanga amandiseka kuti ku Joni ndinakaphunzirako umphawi.

Ema anali wosankha zakudya koopsa. Chobiriwira chilichonse ankachikankhira m'mphepete mwa mbale. Adona anali atayesa kunyengerera, kuopseza, zonse osaphula kanthu. Ine zinanditopetsa, ndiye tsiku lina ndinamukweza pakampando pafupi ndi sinki n'kumupatsa masamba kuti atsuke, monga mmene amayi ankandichitira ine ndili wamng'ono. Ndinamuonetsa kubudula masamba ndi manja, kuthira tomato, kutsina mchere ndi zala zitatu. Mtondo kunalibe, mtedza tinaupera m'kamakina kaphokoso. Bonongwe wotendera atapsa, mwana uja anamaliza mbale yonse n'kupempha wina. Ndinaima n'kumamuyang'ana. Chasintha n'chiyani? Masamba omwewo, mwana yemweyo. Adona atafika, Ema anathamangira kukhomo akukuwa kuti waphika yekha, ndipo ndi pamene ndinaona kuti mwana savuta kudya chimene manja ake agwira. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkaphika awiri, futali wa mbatata, nyemba, dzungu. Adona anandiwonjezera malipiro.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, a Esinati n'kumanditumizira zithunzi pafoni. Tiya atanyamula botolo la zoziziritsa kukhosi. Dalitso pakamwa pali mafuta a tchipisi cha pachiwaya. Masikono, mabisiketi, ufa woyera mbee. Zithunzi zimenezo ndinkazionetsa anzanga tikakumana kutchalitchi Lamulungu, monyada kwambiri. Taonani umbuli wakewo, abale! Masana ndikuphunzitsa mwana wa eni kudya bonongwe, ndikaweruka ndikuombera m'manja ana anga akumwa shuga. Zaka zitatu zinthu ziwirizi sizinakumanepo m'mutu mwanga. Ndinali wosungulumwa, ndipo pachithunzi ndinkangofuna kuona kuti kuvutika kwanga kukugula kanthu.

Uthenga umene unandibweza unafika Lachiwiri m'mawa ndikuchapa. Anali mawu a a Esinati. "Amake Tiya, musadandaule, koma mwanayu wagwa kusukulu pa asembule. Kuchipatala akuti magazi achepa." Munthu akayamba ndi "musadandaule" ndiye kuti nkhani yake njodandaulitsa. Ndinapempha adona miyezi itatu. Anandilola, koma anati ikadutsa adzafuna wina, ndipo sindinawaone kulakwa.

Masiku atatu m'basi, kenako minibasi, kenako kabaza. Nyumba ndinaipeza ya malata onyezimira monga ndinkafunira. Dalitso anabisala kumbuyo kwa a Esinati, pakuti kwa iye ndinali mawu a pafoni basi. Tiya anabwera kudzagwada ngati akulonjera mlendo, "Mwayenda bwanji, amayi?" Anali atatalika, koma manja ali ngati mapesi, tsitsi lofiirira m'mphepete, mano awiri atabooka. Ndinamutsegula chikope, mkati muli mbuu. Kuseri kwa nyumba, pamene kale panali kamunda ka mpiru ndi nkhwani, panali gwaa, mapepala a mabisiketi ali mbwee. Nandolo yense ankapita kwa venda, ndipo mazira a nkhuku zathu ankagulitsidwa kuti pagulidwe masikono.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma a Esinati anandidula. "Simunanene nokha kuti asadye ngati amphawi? Ine ndikanapita kukathyola chisoso kumunda, anthu akanati ndalama za ku Joni ndikudya ndekha." Ankanena zoona, walira mvula walira matope. Kwathu kuno nyumba ya munthu amene ali ku Joni ikaoneka ikuphika ndiwo zakutchire, mudzi wonse umayamba kufunsa kumene ndalama zikupita. Achemwali anga ankateteza dzina langa ndi lawo lomwe.

Anesi anatipatsa mankhwala a magazi, koma anati mankhwala okha sangakwanire. Pafunika masamba, nyemba, mazira, usipa, mgaiwa. Ndinati zimenezo ndiye ntchito yanga, ndaigwira zaka zitatu kwa eni. Tsiku loyamba Tiya anayang'ana nkhwani m'mbale n'kunena mwaulemu wake wonse, "Ife sitidya zimenezi." Sindinakalipe. M'mawa mwake ndinawatenga onse awiri kumunda kwa a Esinati kuti tikathyole tokha. Ndinamuonetsa tsamba lanthete ndi lokhwima, kusadzula nkhwani kuti asayabwe pakhosi, kusinja mtedza mumtondo, kusefa nsinjiro. Dalitso ntchito yake inali kutsuka tomato ndi kudyako theka.

Masabata awiri oyamba zinayenda bwino kuposa ku Kepu. Tiya ali ndi manja opepuka, kumuonetsa kamodzi wagwira. Anadya nkhwani wake, anadya dzira lophika yekha, n'kuyamba kundipanikiza ndi mafunso. Bwanji mwaleka kuthira soda m'masamba? Bwanji madzi a ndiwo simutaya? Magazi amachokera m'tsamba bwanji, poti tsamba ndi lobiriwira? Ena ndinkayankha, ena ndinkati tikawafunse anesi. Tsiku lina masana ndikupeta nyemba pakhonde ndi a Esinati ndinati, "Mmene akuyendera mwanayu, akangodziwa kudziphikira ndi kudya bwino, ine ndibwerera miyezi itatu ija isanathe." Tiya anali pomwepo akusesa, koma akuluakulufe timalankhula ngati ana alibe makutu.

Kuyambira sabata imeneyo mwana uja anaiwala zonse. Nkhwani ankathira mchere wodzaza dzanja, woti ngakhale galu kununkhiza n'kubwerera. Mawa lake phala lopserera. Mkuja wake mchere uja wabweranso. Ndiwo zikakanika kudyeka, iye ankatsina nsima kawiri katatu n'kusamba m'manja. Ndikaphika ine, ankati m'mimba mukupweteka. Ndinamuonetsanso, zala zitatu, osati dzanja.

"Ndinaiwala, amayi."

Mawa lake, "Ndaiwalanso."

Ine mutu unaima. Kodi kuchepa magazi kumaiwalitsa? Ndinakawafunsa anesi, anati kumafooketsa ndithu, koma za mcherezo sazidziwa. Ndinakawafunsa aphunzitsi ake, anati masamu akukhoza bwinobwino. A Esinati anayamba kunong'ona za anthu a nsanje ndi malata athu, ine ndinati ayi achemwali, mfiti yake iti yolodza mchere wokha? Ndinkaseka, koma mantha ndinali nawo. Mwezi wachiwiri titapita kuchipatala anamukweza pasikelo, ndipo mwana anali atatsika m'malo mokwera, chikope chidakali chotuwa. Adona nawo anali atatumiza uthenga kufunsa tsiku limene ndifike.

Loweruka lina m'mawa ndinanyamuka kupita kumsika ku Mbombwe, koma ndili m'njira ndinazindikira kuti kachikwama ndakasiya pamphasa. Ndinabwerera. A Esinati anali kumunda. Nditafika kuseri kwa khitchini ndinamva fungo la nsinjiro ndi mawu a Tiya, ndiye ndinasuzumira pampata wa njerwa. Kampoto kanali pamafuwa, Dalitso atanjuta pambali, Tiya akumulangiza ngati mayi wamkulu.

"Zala zitatu, wamva? Osati dzanja. Mchere wambiri umadwalitsa ukakula."

Anatsina, anathira, anavundula, n'kumulawitsa mlongo wakeyo pachikhatho monga mmene ndinamuphunzitsira. Kenako anamupakulira mbale yodzaza, iye osadzipakulira.

"Idya msanga amayi asanabwere. Usawauze."

Ndinalowa. Tiya anadzambatuka kamthiko kali m'manja, maso pansi. Ndinalawa ndiwo zija. Abale inu, nkhwani wokoma chonchija ngakhale ine sindinaphikepo. Ndinakhala pansi padothi kuti tilingane msinkhu.

"Tiya, bwanji umandinamiza kuti waiwala? Nanga iwe bwanji sukudya?"

Anakanda phulusa ndi chala chakuphazi. Kenako anati, "Munawauza amayi aakulu kuti ndikadziwa kuphika ndi kudya bwino mubwerera. Ndiye ndimafuna ndisadziwe."

"Nanga ukadwala kwambiri?"

"Ndikadwala mumabwera."

Ndinachita manyazi, ndinachita mantha, ndipo mtima unandipweteka kuposa tsiku lililonse la ku Kepu. Zaka zitatu zonse zija ndinkayesa kuti chosowa kwathu ndi ndalama. Chakudya choti mwana wanga akhale ndi magazi chinali chikumera chokha m'munda mwa achemwali anga, ndipo amene ndinachiletsa kulowa m'nyumba ndinali ine. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu anali ataona bwino kuti masiku onse amene ankamwetulira pachithunzi mayi ake sanabwere, koma tsiku limene iye anagwa pa asembule mayi akewo anakwera basi. Mlongo wake ankamudyetsa kuti asadwale, iye n'kusankha kudwala yekha.

Ndinatulutsa foni pomwepo n'kuwaimbira adona, Tiya ali chiimire kuti amve ndi makutu ake. Chizungu samva bwino, ndiye chiganizo chilichonse ndinkachibwereza m'Chinyanja. Ndinawauza kuti afune wina. Ndinalira, chifukwa Ema ndinkamukonda, komanso chifukwa sindinkadziwa kumene feteleza ndi yunifomu zidzachokere. Mpaka pano sindidziwa bwinobwino. Ndimagulitsa futali ndi nyemba zophika pamsewu, masiku ena zimayenda, masiku ena ndimabwera nazo kunyumba, ndipo alipo amene amati ndinataya mwayi chifukwa cha nkhwani.

Nditadula foni tsiku lija, Tiya anandiyang'anitsitsa kanthawi kuti aone ngati ndikunama. Kenako anatenga mbale, anapakula nkhwani yense wotsala mumpoto, n'kudzakhala pansi pafupi ndi mwendo wanga. Anadya mpaka kunyambita zala, dzanja linalo atagwira chitenje changa.