Zikhadabo za Esinta

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amayi, pofuna kundichotsa pakhomo. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo nditasowa aphunzitsi owaikira achule m'madirowa ndinayamba kuvutitsa anthu a m'mudzi. Nditaika chitedze pa chishalo cha njinga ya mlamu wanga, amayi anandikweza minibasi mpaka pa Namadzi, kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene anali ndi saluni. Tonse tinkawatchula kuti anti.

Anti anandipatsa mpando wa zikhadabo. Umayamba wachotsa kyutekisi wakale ndi thonje lonyowetsa mu rimuva, n'kuwenga, n'kupala ndi faelo, kenako n'kupaka kuchokera kutsinde kupita kunsonga osabwerezabwereza burashi. Lamulo lawo linali limodzi: "Kasitomala azituluka wowala. Zina sizikukukhudza."

Esinta anali mwana wa mchemwali wawo wa anti, wa ku Namitambo, wondiposa pang'ono. Ankakonzekera chinkhoswe ndi mnyamata wina woimba kwaya dzina lake Yohane. Koma thupi linkamutentha madzulo alionse, thukuta kumachita kunyowetsa bulauzi, ndipo diresi anali atalibweza kale kwa telala kuti alichepetse. Kuyezetsa malungo, sankawapeza. Choncho anti ankamugulira makapisozi pa golosale, lero awiri, mawa atatu.

Tsiku lina nditamuchotsa kyutekisi ndinaona timizere takuda pansi pa zikhadabo, ngati timinga tolowa m'kati. Nsonga za zala zinali ndi timatuza tofiira. Nditangogwira anakuwa.

"Anti, taonani izi."

"Iwe ndiwe dokotala? Paka wofiira kwambiri uja. Akuchimuna akamva zoti akudwala, ukwati uno ukwatiwa ndiwe?"

Ananditsina khutu pamaso pa makasitomala. Khutu limenelo ndi limene linayambitsa zonse. Ndisanamize munthu kuti ndinkadziwa za matenda. Ine ndinkangofuna kuona nkhope ya anti itagwa.

M'mawa wa chinkhoswe anandisiya ndi Esinta kuchipinda. Iye anali atatsamira khoma, maso ali chitsinzire, akupuma ngati wakwera phiri. Ndinatsegula botolo la wofiira kuti fungo limveke, koma ndinamupaka wosaoneka mtundu uja, wongowalitsa ngati galasi. Kenako ndinamukulunga manja m'chitenje. Anti atasuzumira ndinati, "Musavundukule, fumbi limatirira."

Mukudziwa mmene zimakhalira: amabweretsa atsikana ofunditsidwa nsalu, mnyamata n'kumakana mpaka atapeza wake. Esinta anamuvundukula, nthungululu zinalira, Yohane n'kutenga dzanja kuti aveke mphete. Timizere tonse tinali poyera, tikuwala bwino lomwe. Ndinayang'ana anti. Kukamwa kunali yasa! Kunena zoona ndinasangalala mpaka m'mimba.

Azakhali a Yohane, namwino wopuma pantchito, anali pafupi ndi mbale ya mphete. Anagwira dzanja lija, kulitembenuza, kumutsitsa chikope Esinta, n'kumugwira pamphumi.

"Mwanayu wayamba liti kutentha thupi? Zimitsani choimbiracho. Pezani galimoto."

Anti anandikokera kuseri kwa nyumba. "Mfiti ya mwana iwe! Usadzapondenso pa saluni panga."

Poti ntchito inali itatha, ndinkaperekeza mayi a Esinta ku chipatala cha boma, kuwanyamulira ndowa ndi zakudya. Dokotala anamvetsera pachifuwa pa Esinta nthawi yaitali, n'kunena kuti mtima ukuchita phokoso lofwefwentha. Anafotokoza kuti mumtima muli mavalavu, tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndipo tizilombo tikalowa m'magazi timatha kumanga chisa pa valavu yowonongeka. Anafunsa ngati ali mwana ankadwala zilonda zapakhosi ndi kutupa mfundo. Mayi ake anavomera. Anamuyeza mkodzo, anapezamo magazi osaoneka ndi maso. Anamusindikiza kumanzere kwa mimba, kapamba anali atatupa.

Anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anamutenga magazi maulendo angapo, mikono yosiyana, n'kuwathira m'mabotolo kuti tizilombo timere adziwe mtundu wake. Tizilomboto sitinamere. "Wakhala akumwa chiyani?" anafunsa dokotala wa kumeneko. Atamva za makapisozi anangopukusa mutu. Mankhwala omwa mwapatalipatali aja anatibisa tizilombo osatipha. Kenako anamupaka mafuta oterera pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo ka sikani. Pa kanema tinaona valavu ikutseguka n'kutseka, ndipo pamwamba pake kanthu kakulendewera, kakugwedezeka ngati kansanza pa waya.

Dokotala anati tizidutswa ta kanthu kameneko timathothoka n'kuyenda ndi magazi. Tikatseka timitsempha ta m'zala, ndiye timizere tija. Tikafika ku impso, ndiye magazi a mumkodzo. Tikafika ku ubongo, sitiroko. Anayamba kumubaya mankhwala a m'mitsempha, oti alandire kwa milungu yambiri. Koma asanapite nawo patali, m'mawa wina Esinta akumwa phala supuni inamugwa. Pakamwa panapotoka, mkono wamanja n'kulefuka.

Esinta ali moyo. Amakoka mwendo, amatopa msanga, ndipo akuti valavuyo ikufunika opaleshoni imene sitikudziwa kuti idzachitika liti. Yohane anabwera masiku oyambirira ndi nthochi, kenako ankangoimba foni, kenako ankhoswe ake anabwera kudzanena kuti ayambe aona kaye. Mpaka lero akuonabe.

Anti amauza aliyense pa Namadzi kuti ine ndinapha ukwati wa mwana wawo. Amayi anandiuza kuti ndikapepese. Ndinakana, ndipo sindidzapita. Amene ankagula makapisozi akuotchabe tsitsi la anthu, amene anathawa wodwala akuimbabe kwaya, ndiye wopepesa ndikhale ine?

Pano ndimayenda ndi kabokosi kanga m'misika, Ndunde, Namitambo, kulikonse. Ndikachotsa kyutekisi wakale ndimayang'anitsitsa chikhadabo chili chosapaka, ndipo ndikaona chachilendo ndimanena mokweza, kasitomala akwiye asakwiye. Ena amanyamuka osapakitsa. Esinta yekha ndimamupaka ulere, dzanja lofa lija ndi lamoyo lomwe. Ulendo wathawu ndinamufunsa ngati amandida.

Analankhula pang'onopang'ono, monga amachitira masiku ano. "Ndimakuda, Tadala. Unadikiriranji chinkhoswe? Unaziona kalekale iwe."