Mfundo Zisanu ndi Imodzi pa Chitenje Changa

Uthenga unandipeza kudimba ndikuthirira kabichi. Anachisale, mnzanga wa kwaya, akukuwa ali kutsidya: "Anajere inu! Siyani madziwo! Bokosi lanu akubwezerani!" Ndinaluluta, ndinaluluta, mpaka agalu a ku Biriwiri anandiyankha. Koma musaone kuvinaku. Mkwiyo wanga sunaphwe, ndipo ndiulemba ndi dzanja lomweli limene analiseka.

Ntchito yoyamba ndinaipeza imvi zili mbuu. A Mbewe, a zaumoyo a kwathu, ankafuna munthu amene amayi amamutsegulira chitseko. Anandipachika paphewa bokosi la katemera wa poliyo, m'kati muli madzi oundana. Kunyamula ine, kutseka chivundikiro msanga ine, kugwira mwana masaya ine. A Mbewe madontho awiri mkamwa, ine inki pa kachala kakang'ono ka kumanzere. Tikatero, khomo lina.

Anandiphunzitsa chinthu chimodzi. "Mayi, madonthowa akafika m'matumbo, asilikali a m'thupi amatumizirana uthenga kuti mdani ndi uyu, mumukumbukire. Koma mwana akamatsegula m'mimba, m'matumbomo muli phokoso ngati msika wa pa Nsipe, uthenga sumveka bwino. Timpatsebe, koma pakatha mwezi alandirenso."

Pensulo imandichedwetsa ine. Ndiye mwana aliyense wotsegula m'mimba ndinkamumangira mfundo pa chitenje changa, ndikuimba dzina lake. Mfundo, dzina. Mfundo, dzina.

Tsiku loipa a Mbewe anadwala. M'malo mwawo munabwera bwana wina wa galimoto yoyera, wothamanga ngati wapsa phazi. Anandiona ndikumanga mfundo yachisanu ndi chimodzi ya tsikulo, ya Tamandani, mwana amene amake ankamusintha thewera kachitatu tili pomwepo.

"Gogo, n'chiyani chimenecho?"

Ndinafotokoza bwinobwino.

"Chala chapakidwa, nkhani yatha. Zithumwa zanuzi mutithawitsira nazo amayi."

Zithumwa! Ine! Anandivula bokosi pamaso pa anthu. Amayi amene ndinawaona akubadwa anakokera ana kumbuyo. Ndinapita kwathu phewa lili lopepuka, mtima uli ngati mphika wa pamoto.

Mwezi wathunthu chitenjecho sindinachichape. Kuchitsime anthu ankandipatsa moni ali patali. Ine ndinkangopapasa mfundo zanga, poti bwana uja sanalembe ana aja m'buku. Akanawakumbukira ndani?

Mwezi utakwana ndinayenda khomo ndi khomo, wopanda bokosi. Make Tamandani anaima pachitseko. "Agogo, anthu akuti munamanga mwana wanga."

"Ndinamumangadi, mwanawe. Tiye ukaone pomasula."

Tinatsetsereka phiri tonse ndi amayi a ana a mfundo aja, ana kumsana, mpaka kuchipatala. Anamwino anatsegula buku, mayina mulibe. Ndinayala chitenje patebulo pawo. Ndikamasula mfundo, ndiimbe dzina, nditchule mayi wake ndi mmene mwanayo ankadwalira. Anamwino anasiya kuseka pa mfundo yachiwiri. Onse asanu ndi mmodzi analandira madontho awo ndikuona ndi maso angawa.

Anamwinowo ndiwo analamula kuti bokosi libwerere paphewa panga. Bwana uja mpaka lero sanabwere kudzapepesa, ndipo chitseko changa akuchidziwa. Ngati alipo womuwerengera, amuuze kuti inki imangonena kuti pakamwa panatseguka. Za m'mimba amazidziwa ndi amene anaona thewera.

Madzulo a tsiku la uthenga lija pabwalo panga panalibe popondera. Anabwera Anachisale ndi nthungululu zawo, a Mbewe atachira, Anangozo amene anandithawa kuchitsime, Anamaseko atasenza thobwa. Ndipo anabwera a mfundo zanga, ali kumsana kwa amayi awo: Chisomo, Mphatso, Dalitso, Takondwa, Madalo, ndi Tamandani, amene anandigwira chitenje chochapa osafuna kuchisiya.