Tsiku Limene a Makwinja Anagwa pa Mbulumbuzi

Ndikawakumbukira a Makwinja, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la mankhwala otikitira mafupa, aja oyabwa m'maso, losakanikirana ndi utsi wa mitengo ya nandolo umene unkatuluka m'khitchini mwa akazi awo m'mawa, ife ana tikutsuka miyendo kuti tizipita kusukulu. Nyumba yawo ndi yathu zinkasiyana ndi mpanda wa nkhadze basi, kotero ndinkamva zonse: thumba la mchenga limene analipachika pamtengo wa mango likulira di! di! pomenyedwa, kupuma kwawo kolemera, kutsokomola, kenako mawu a amake Esnati, akazi awo, akuti, "Thumbalo linakulakwirani chiyani? Anzanu ali kumunda."

A Makwinja anali mkamwini m'mudzi mwathu, kufupi ndi pa Mbulumbuzi. Ali mnyamata anaphunzira karate ku Limbe, ndipo atangokwatira ananyamuka ulendo wa ku Joni, kumene anakhalako zaka zambirimbiri. Anabwerako akutsimphina, imvi zitayamba, khungu la mkono wamanzere litakwinyika ndi moto, opanda galimoto ngakhale malata ofolera nyumba. Ankanena kuti kumeneko ankagwira ntchito m'mafilimu. Wosewera wotchuka akafika poti agwe kuchokera padenga, kapena agundidwe ndi galimoto, kapena ayake moto, ankamuchotsa, iwo n'kuvala zovala zake n'kuchita zimenezo m'malo mwake. Ankatinso kamodzi anawapatsa gawo lawolawo, la mlonda amene amaphedwa asanalankhule.

M'mudzi munalibe wowakhulupirira. Alamu awo a Beni, achimwene a akazi awo, ankanena poyera pabawo kuti zipsera zotere munthu amazitenga kundende, kapena kwa anthu amene amugwira akuba. A Makwinja ankangoseka za a Benizo. Chimene chinkawadya chinali chakuti akazi awo, amene analera mwana okha zaka zonsezo, sankatsutsa alongo awo. Ankangopitiriza kupeta chimanga.

Ine ndinali mwana wamanyazi, ndipo ndinkakonda kupita kwawo chifukwa sankandifunsa mafunso ambiri. Ndinkawatungira madzi, iwo n'kumandiphunzitsa kugwa: chibwano pachifuwa, mapewa atsogole, mkono usathamangire pansi. Tsiku lina anatenga katoni ya sopo yopanda kanthu, anaitseka bwinobwino, nandiuza kuti ndiigwere chagada. Inaphwanyika pansi panga mofewa, osamva kuwawa paliponse.

"Wamva, mwanawe?" anatero. "Kumene kuja timaunjika zimenezi, zopanda kanthu. Katoni imaphwanyika pang'onopang'ono, mpweya uli m'katimo ndiwo umakulandira. Chinthu chodzaza sichilandira munthu, chimamubweza."

Chaka china mnzawo wochokera ku Joni anawabweretsera diski ya filimu ina imene anagwiramo ntchito. A Makwinja anapita nayo kwa Che Jafali, mwini kanyumba koonetsera mafilimu pamsika, ndipo Loweruka masana tinadzazana m'menemo, kutentha, jenereta ikulira kuseri, fungo la thukuta ndi chipisi likulowera m'mipata ya matabwa. Amake Esnati, amene anali asanalowemo chibadwire, anabwera atavala chitenje chatsopano, nakhala kumapeto kwa benchi. Filimu ili pakati, munthu woyaka moto anatulukira pawindo la nyumba yosanja n'kugwa pansi akupalapata.

"Ndine ameneyo!" anakuwa a Makwinja ataimirira. "Che Jafali, bwezani!"

Che Jafali anabweza, anabwezanso, mpaka anaimitsa chithunzi. Chimene chinkaoneka chinali msana, malawi a moto, ndi mutu wotembenukira kumbali.

"Alamu," anatero a Beni, "misana nafenso tili nayo."

Anthu anaseka mpaka mabenchi kugwedezeka. A Makwinja anayesa kufotokoza kuti pantchito imeneyi nkhope ikaoneka ndiye kuti waiononga ntchito, chifukwa oonera ayenera kuganiza kuti wagwayo ndi wosewera wotchuka uja. Apo ndiye anthu anasekeratu. Ine ndinayang'ana kumapeto kwa benchi kuja ndipo panalibe munthu.

Sabata yotsatira a Makwinja analengeza kuti adzadumpha kuchokera padenga la shedi yaitali imene amalonda ankaunjikamo nandolo, tsiku la msika, aliyense adzionere. Anayenda m'sitolo zonse kupempha makatoni, ena anachita kukawatenga ku Boma panjinga. Tsikulo litafika anawaunjika okha m'mawa, mizere pamwamba pa mizere, akuyesa iliyonse ndi chikhatho, nafunditsa tenti pamwamba. Kenako ananditenga kuseri kwa shedi kuti ndiwathandize kumanga mawondo ndi nsalu ndi kuwagwirira makwerero. Tinakhalako nthawi, iwo akudzitikita, akuwongola msana, akupuma mozama. Anali osangalala kuposa masiku onse amene ndinawaonapo.

"Amake Esnati abwera?" anandifunsa.

"Ndawaona, abwera," ndinayankha.

"Basi."

Anakwera. Ndinathamangira kutsogolo n'kupeza msika wonse waima, anyamata a kabaza atasiya njinga zawo, amayi a tomato ataphimba maso ndi zikhatho chifukwa cha dzuwa. A Makwinja anaima m'mphepete mwa malata, anatambasula manja, natembenuka m'mlengalenga mokongola kwambiri moti anthu anati "Eee!" pamodzi. Anafika chagada, pakati penipeni pa tenti, monga mmene ankafunira. Koma sindinamve kuphwanyika kofewa kuja. Ndinamva phokoso louma, ngati chipika chagwa pangolo. Sanadzuke.

Atawanyamula kupita nawo kuchipatala, ndinatsala ndi anyamata amene ankachotsa tenti. Makatoni a m'mbali anali momwemo. Apakati, pamalo ogwera, anali atachotsedwa, ndipo m'malo mwake munali matumba a nandolo, osokedwa, olimba ngati mwala. Mnyamata wina anandiuza kuti ife tili kuseri, amake Esnati anasuzumira pansi pa tenti, nayamba kulira kuti amuna awo afera pa zinthu zopanda kanthu. Anawagwadira alongo awo, ndipo a Beni ndi amalonda aja ananyamula matumba mwachangu kuti munthu apeze pomugwira. Amene anaona onse anati achita bwino.

A Makwinja anabwerako kuchipatala patapita miyezi, miyendo yosagwiranso ntchito. Ankawagoneka pamphasa pakhonde, ndipo fungo la mankhwala lija linasanduka la munthu wogona malo amodzi. Thumba la mchenga linawola ndi mvula mpaka linang'ambika lokha. Pabawo nkhani inatha: munthu wa mafilimu weniweni akanathyoka msana padenga la shedi? Anthu ankawamvera chisoni, koma chisoni chimene amamvera munthu wabodza amene bodza lake lamupweteka.

Tsiku lina akazi awo atapita kuchigayo, anandiitana pafupi.

"Pansi pa tenti paja unapezapo chiyani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Nandolo," anatero okha. "Msana wanga unandiuza ndisanafike n'kuchipatala komwe. Anaika ndani?"

Ndinawauza. Anayang'ana nkhuku zikupalasa pabwalo. Kenako ndinalimba mtima, mwina koyamba m'moyo wanga, ndinati tikawafotokozera anthu za makatoni adzadziwa kuti iwo sananame, kuti anagwa bwino.

"Adzadziwa," anavomera. "Nanga amake Esnati adzadziwa chiyani?"

Anatembenuzira mutu kwa ine.

"Ankandiopera, mwanawe. Munthu saopera munthu amene samufuna. Uzisiye choncho. Wamva?"

"Ndamva."

Anamwalira mvula yachiwiri itayamba. Pamaliro anawatchula kuti anali munthu wofatsa, wokonda ana, amene anakhalapo ku Joni. Za mafilimu panalibe anazitchula, poopa kuchititsa manyazi banja.

Tsopano ndine wamkulu, ndimagwira ntchito m'sitolo ina ku Limbe, ndipo ndimapita kumudzi mwakamodzikamodzi. A Beni nawonso anamwalira. Amake Esnati akalipo, akalamba, amagulitsa tomato pafupi ndi shedi yomwe ija. Ndikatsika minibasi sindingawadutse osawapatsa moni. Amandigwira dzanja ndi manja awo awiri, amandifunsa za ntchito, ndipo nthawi zonse nkhani imafika pa amuna awo.

"Unaliponso iwe tsiku lija," amatero. "Tikanapanda kuika matumba aja, bwenzi atafera pomwepo. Mulungu anandipatsa nzeru, ndinakhala nawoko zaka zina ziwiri."

Ndine ndekha amene ndatsala wodziwa kuti a Makwinja ankanena zoona, ndipo ndikadzafa chinsinsichi chidzapita nane. Ndimayang'ana tomato wawo, ndimasankha mulu umodzi, n'kunena kuti, "Munachita bwino, amayi."