Tebo ya Apongozi Anga

Apongozi anga ndi mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, mkulu wa mpingo ku Nchenachena, munthu wovala tayi ngakhale popita kukaona ng'ombe. Ine ndine makaniko wa ku Dedza, sukulu ndinalekezera Fomu 2. Mwana wawo atandibweretsa pakhomo, anayamba kundiyang'ana zikhadabo asanandione kumaso. Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa akunditchula kuti "amisiri aja", ngati ndinabwera kudzakhoma malata.

Ndiye mlamu wanga wa ku Joni, mwana wawo wamwamuna, anawatumizira galimoto ya liwiro, yofiira, yapansi ngati fulu, mimba yake yokhula pamwala uliwonse. Galimoto yotereyi ku Nchenachena, abale! Inali ndi tebo, kachitsulo kooneka ngati nkhono kamene kamazunguzidwa ndi utsi n'kumakankhira mpweya mu injini kuti ikoke mwamphamvu. Tebo yakeyo inali yotopa, ikudontha oyilo, moti pachitunda galimoto inkangofuka utsi ili wefuwefu. Apongozi atadandaula pafoni, mlamu anatumiza pabasi tebo yatsopano, yaikulu ngati dzungu.

Nditatsegula katoniyo ku galaja kwanga ku Boma, ndinagwira pakamwa. Tebo yaikulu imadzuka mochedwa. Imafuna injini ikulira kwambiri pamsewu wa phula, ngati kuchoka pa Njakwa kulowera ku Mzuzu. Pamsewu wa maenje, woyenda giya wani, imangogona, kenako n'kudzidzimuka pakona pamene sukuifuna. Imafunanso mainjekita ena opopera mafuta, ndi katswiri wa kompyuta woti asinthe kamwedwe ka injini, apo ayi mapisitoni amapsa. Woyendetsa wake ndi munthu wamkulu, maso akuchepa mphamvu, m'mbali mwa msewu muli phompho. Chofunika chinali kungokonza yakale ija basi.

Koma ndikawauza bwanji? Mkamwini satsutsa apongozi maso ndi maso, mawu amadzera mwa mkazi. Ndinapempha akazi anga kuti akanene. Anandiyankha kuti bambo awo sanabwezedwepo mawu ndi munthu, ngakhale abusa, ndipo kukana mphatso ya mwana wawo wamwamuna n'chimodzimodzi kunena kuti mwanayo alibe nzeru. Anati ndingoimanga teboyo, mkamwini asamakule mwendo. Ndinapsa mtima, ndinamenyetsa sipanala pansi, koma palibe chinasintha.

Galimoto inakhala m'galaja milungu iwiri. Ndikati ndiike yaikulu, ndinkaona maliro. Ndikati ndikanene, ndinkaona nkhope ya apongozi. Iwo ankangoimbira akazi anga kufunsa ngati ntchitoyo yandikulira. Pamapeto pake ndinamasula yakale ija, ndinasintha mabeyaringi ndi masili otsekera oyilo, ndinapeza paipi yong'ambika n'kuika ina, chigoba ndinachikwecha mpaka chinawala, n'kubwezera pamalo pake. Yaikuluyo ndinaikulunga m'thumba la feteleza n'kuibisa kuseri kwa matayala akutha. Popereka makiyi sindinanene kuti ndaika yatsopano. Sindinanenenso kuti sindinaike.

Galimoto inakwera zitunda za Nchenachena ngati mbuzi. Apongozi anayamba kuuza aliyense, akulu a mpingo, aphunzitsi anzawo akale, kuti mkamwini wawo waika tebo ya ku Joni imene amakaniko a ku Mzuzu sakanaikwanitsa. Anayamba kundiitanira m'nyumba, kudya nane patebulo limodzi. Ulemu umenewu ndinaufuna zaka zonse zija, ndipo unabwera pa chinthu chimene sindinachite. Kangapo konse ndinakonza mawu m'mutu kuti lero ndiulula, koma ndikangoti nditsegule pakamwa, iwo ankandidula ndi "yewo chomene" n'kundiwonjezera nyama m'mbale.

Pa Khirisimasi mlamu anabwera. Tisanadye n'komwe anapempha makiyi n'kutsegula boneti pabwalo, achibale atazungulira. Munthu ameneyu magalimoto amawadziwa, ndipo tebo yaikulu ija anaisankha yekha. Anawerama nthawi yaitali, anagwira chigoba, kenako anadzuka n'kundiyang'ana. Anatembenukira kwa bambo ake n'kuyamba kuti, "Adada, tebo iyi..."

Apongozi sanamulole kumaliza. Anabwera n'kuika dzanja paphewa langa, koyamba chikwatirireni m'banjamo.

"Iwe unangotumiza chitsulo," anatero. "Amene anagwira ntchito ndi uyu. Ameneyu ndi mwana wanga, ndipo sanandinamizepo."

Mlamu anandiyang'ananso, n'kutseka boneti pang'onopang'ono. Mpaka lero sananene kanthu. Akabwera kumudzi timapatsana moni bwinobwino, koma sitikhala awiriwiri. Apongozi akuyendetsabe galimoto yawo, ndipo tikapitako Lamulungu, popempherera chakudya amathokoza Mulungu powapatsa mkamwini woona mtima. Ine ndimati ameni pamodzi ndi ena onse.